Tsiku Limene a Dikoni Sanayimbe

Ntchito ya a Dikoni inali yoyenda m'misewu ya mumzinda n'kumalemba matikiti a chindapusa pa galimoto zoyimikidwa pamalo oletsedwa. Kwawo anali mphunzitsi, koma kudziko la eni munthu amalowa pakhomo limene latseguka. Khonsolo inawapatsa chipewa, jekete lowala, nsapato zolemera, kamera yomangirira pachifuwa, ndi kamakina kogwira m'manja kosindikizira matikitiwo. Foni ankaisiya m'kabati ku ofesi m'mawa uliwonse, poti lamulo linali lotero.

Chitupa chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangiriridwa ku ntchito imeneyi, ndipo moyo wa akazi awo unali womangiriridwa ku chitupacho. Impso za mayiwo zinasiya kugwira ntchito, moti kangapo pa sabata ankakagona pambali pa makina osefa magazi ku chipatala chachikulu. Kwawo makina otero analipo ochepa, kutali, ndipo odikira ankatha m'modzim'modzi nthawi yawo isanakwane. A Dikoni sankalankhula za zimenezi, koma ankadziwa kuti tsiku limene adzalandidwe jekete lija adzakhala atayamba kukonzekera maliro.

Lamulo la ntchitoyo linkati munthu asanalembe tikiti ayambe waima pambali pa galimotoyo kwa kanthawi, kuonetsetsa kuti mwini wake palibe. Anzawo ambiri kanthawi kameneka ankakathera kuseri kwa mtengo wa magetsi kapena pakhonde la sitolo, kuti mwini galimoto asawaone. A Dikoni ankayimba. Ankaima poyera, n'kukweza nyimbo yaitali ya kutchalitchi m'chilankhulo cha kwawo, ndi mawu akuluakulu aja amene ankanyamula kwaya yonse Lamlungu. Ogulitsa nyama, ometa tsitsi, ngakhale eni dziko amene sankamva liwu ndi limodzi lomwe, onse anafika poidziwa nyimboyo. Ikangomveka, anthu ankatuluka m'masitolo makiyi ali m'manja, wina thovu lometera lili kumaso, wina buledi ali m'khwapa. Ndime yomaliza ikatha popanda wotuluka, a Dikoni ankalemba, n'kulowetsa tikitiyo pagalasi, n'kumupempherera pang'ono mwini wakeyo mumtima. Ankati Mulungu salanga mzinda asanatumeko mthenga, ndiye iwo ndani kuti alange galimoto mwakachetechete.

Amene ankawaseka kwambiri pa nkhani imeneyi anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene onse ankangomutcha Pentala. Anali wamng'ono kwa mayiwo, ndipo anamulera ndi iwowo amayi awo atamwalira. Ankapenta nyumba za anthu, ali ndi kavani koyera kakale konyamula makwerero pamwamba. Chitupa chake chinatha mphamvu kalekale, ndipo kavaniko kanalibe inshuwalansi, poti munthu wopanda chitupa sakanatha kuilembetsa. Koma ndi kavani komweko kamene kankatenga mlongo wake kupita naye ku makina ndi kubwera naye.

"Alamu," ankatero Pentala akafika pakhomo, "mnzanu wokhometsa msonkho wa m'Malemba uja anabweza zonse zimene analanda. Inuyo mwabwezako kangati?"

"Ndikadzayamba kubweza ndidzayambira kwa anthu amene galimoto zawo zili ndi inshuwalansi," ankayankha a Dikoni.

Akazi a a Dikoni ankaseka mpaka kutsokomola, n'kuwauza kuti akhale pansi adye asanayambe kulalikirana. Koma a Dikoni anamuchenjeza Pentala kambirimbiri, osaseka. Anamufotokozera kuti kamakina kawo kali ngati munthu wamiseche. Ukangolembamo nambala, kamafunsa ku maofesi onse, ndipo kakapeza galimoto yopanda inshuwalansi nkhaniyo imachoka m'manja mwa wolemba matikiti n'kupita kwa apolisi. Pentala ankangoti Mulungu amene anamuolotsa nyanja sangamutaye chifukwa cha mzere wa penti, makamaka iye mwini wake wa penti.

Tsiku lina kunamveka uthenga wakuti bambo ake a Nesi, mayi wina wa mumpingo mwawo, amwalira kumudzi. Nesi sakanatha kupita kukaika, ndiye mpingo unakamukhalira m'chipinda chake cham'mwamba, m'nyumba yosanja yaitali imene inali pa msewu wopanikizika. Mbali zonse ziwiri za msewuwo zinali ndi mzere woletsa kuyimika, chifukwa ndi mmene munkadutsa galimoto zozimitsa moto. Madzulo oyamba a Dikoni anapita kukapepesa, ndipo potuluka anawauza anthu kuti mawa, pa mapemphero a masana, aliyense akayimike galimoto kutali n'kubwera wapansi. Pentala anati iye adzanyamula mipando ya kutchalitchi ndi amayi achikulire osatha kuyenda, sangawatsitsire kutsidya kwa mzinda ngati matumba a simenti. Telala wa mumpingomo anafunsa ngati msewuwo mawa sudzakhala wa a Dikoni omwe. Atavomera kuti ndi wawo, anthu anamasuka nkhope.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero Pentala. "Tidzasiya zenera lotsegula. Tikadzangomva mawu anu a besi aja, tonse pansi. Koma muyambe ndi ndime yoyamba, alamu, osati kudumphira yomaliza chifukwa cha njala."

A Dikoni anabwerezanso kuti kuli bwino kuyimika kutali, koma anabwereza akumwetulira, ndipo anthu anamva kumwetulirako.

M'mawa mwake, atangotsekera foni m'kabati, kapitawo anawaitana. Sanali munthu wankhanza. Anali wotopa, wa maso ofiira, nayenso ali ndi bwana wake womupanikiza. Anawakhazika pansi n'kutsegula kompyuta, ndipo a Dikoni anamva mawu awo omwe akuyimba, ojambulidwa ndi kamera ya pachifuwa, kwinaku anthu akuthamangira ku galimoto zawo. Kapitawo anati mawuwo ndi abwino, koma khonsolo sinalembe ntchito woyimba. Anati matikiti a a Dikoni ndi ochepa kuposa a wina aliyense, ndipo akuluakulu aona kuti kuchenjeza eni galimoto ndi kuphwanya ntchito. Lero ayenda ndi mayi wa ku ofesi yaikulu, amene adzalemba zonse. Akayimba, akaliza mluzu, akagogoda pakhomo la munthu, kapena akadumpha galimoto ina, ntchito yathera pomwepo. Kenaka anatsitsa mawu n'kuwakumbutsa kuti nthawi yowonjezera chitupa chawo yayandikira, ndipo iye sangasainire munthu amene akuluakulu amuchotsa.

A Dikoni anapempha kuti atengeko foni kamphindi. Mayi wa ku ofesi uja, amene anali ataima kale pakhomo ndi cholembera, anayankha mwaulemu kuti nthawi ya ntchito yayamba.

M'mawa wonse anayenda m'misewu ya masitolo. A Dikoni ankaima pambali pa galimoto kukamwa kuli kotseka, n'kulemba. Wogulitsa nyama anatuluka tikiti ili kale pagalasi, anawayang'ana modabwa ngati munthu amene walumidwa ndi galu wake yemwe. Mayi wa ku ofesi anali wamng'ono, wofatsa, ndipo nthawi ina anati anamvera nawo zojambulidwa zija ndipo zinamukumbutsa agogo ake. A Dikoni anathokoza. Mumtima ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mvula igwe, kapena mayiyu atope, kapena anthu aja akhale kuti anamvera.

Sanamvere. Atakhota kulowa mu msewu wopanikizika uja dzuwa litapendeka, anaona galimoto zitandandalikana pa mzere woletsedwa, zonse zozidziwa. Panali ya Telala, ya Amayi Busa, ya mlembi wa kwaya. Kumapeto, pakhomo penipeni pa nyumba yosanja, panali kavani koyera ndi makwerero ake. M'mwamba zenera linali lotsegula, katani ikuuluzika kunja, ndipo munkamveka mawu a abusa akulalikira.

A Dikoni anayambira kutali, ku galimoto yoyamba. Anaima kanthawi kalamulo, n'kuwonjezerapo. Anamanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Anatsegula kamakina n'kukonza pepala limene linali bwinobwino. Mayi uja ankangodikira, osadandaula. Pa galimoto ya Amayi Busa anatsokomola mwamphamvu, ndipo mayiyo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana, cholembera chili m'mwamba. Sanatsokomolenso. Ankangoyang'ana zenera lija ndi mbali ya diso, kupempha kuti munthu mmodzi yekha, ngakhale wofuna mpweya chabe, asuzumire pansi. Koma abusa anali atalowa m'pemphero, ndipo a Dikoni ankadziwa kuti m'chipindamo mitu yonse yawerama, maso onse atsinzina, makutu okha ndi amene akudikira nyimbo.

Nyimboyo inali pakhosi pawo. Ankaimva ikukwera yokha ngati madzi m'chitsime. Ndime imodzi yokha inali yokwanira kuti Pentala atsike, alize kavani, azipita. Kenaka m'maganizo ankaona akazi awo atagona pa bedi la chipatala, mkono uli ndi zipsera za singano, ndiponso mkono womwewo uli pa mphasa kumudzi, utatupa, popanda makina.

Atafika pa kavani, anaganiza zolakwitsa nambala imodzi, koma mayi uja, pofuna kuthandiza munthu wamkulu, anawerama n'kuwawerengera nambalayo mokweza, chilembo ndi chilembo. A Dikoni analemba. Kamakina kanalira kulira kwachilendo, n'kuonetsa mawu ofiira. Mayiyo anatulutsa foni yake, poti iye anali wololedwa kukhala nayo, n'kuitana apolisi ndi galimoto yokoka zinzake.

Pemphero la a Dikoni linasintha. Tsopano ankapempha kuti Pentala asatsike, akhale m'mwamba momwemo, kavani kapite kokha. Koma galimoto yokoka ija inabwera ndi phokoso la maunyolo, mitu inatulukira pazenera, ndipo posakhalitsa Pentala anatuluka pakhomo akuthamanga, tayi ya pamaliro ili paphewa. M'kavanimo munali zonse zimene ankadyera. Anathamangira m'manja mwa apolisi awiri amene anali atangofika kumene.

Anamufunsa ngati galimotoyo ndi yake, anavomera. Anamufunsa laisensi, anatulutsa ya kwawo. Anamufunsa chitupa chokhalira m'dziko, analibe. Wapolisi wina anapita pambali n'kulankhula pa wailesi yake, ndipo pobwerera anali atagwira unyolo wa m'manja.

Apo ndi pamene Pentala anawaona alamu ake, jekete lowala, kamakina m'manja, mayi wa cholembera ali pambali pawo. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana a Dikoni, ndipo anamvetsa. Mayi uja anali atayamba kale kuyang'ana nkhope za amuna awiriwo ngati munthu amene akufuna kufunsa funso. Pentala anakwinya nkhope, anakunga chibakera, n'kuyamba kukalipa m'chilankhulo cha kwawo, mawu ali pamwamba ngati a munthu woledzera.

"Musandiyang'ane, alamu. Simukundidziwa, mwamva? Tembenukani muzilemba. Mawa mlongo wanga ali ndi makina m'mamawa, mumutengere bulangete lochindikala lija, kumazizira kumene kuja. Musamuuze kuti anandimanga manja."

Apolisi anamugwira mwamphamvu n'kumukanikizira ku galimoto yawo. Mayi wa ku ofesi anatembenukira kwa a Dikoni.

"Mukumva chilankhulo chake?"

"Ndikumva."

"Mukumudziwa?"

"Ayi."

"Akuti chiyani?"

"Akutukwana basi," anatero a Dikoni.

Mayiyo anati pepani, palibe wogwira ntchito woyenera kuopsezedwa chotero, ndipo anazilemba, n'kukawauzanso apolisi kuti azilembe. Mumzinda umenewo mulibe atambala, koma a Dikoni anaima ngati munthu amene wamva tambala akulira.

Anthu a pamaliro anali atatsika onse. Anaima pakhomo, ena matikiti ali m'manja, osalankhula, poti aliyense anali ndi chake choopa pamaso pa apolisi. Nesi ankalira maliro achiwiri. Pentala atalowetsedwa m'galimoto, Amayi Busa anadutsa pafupi ndi a Dikoni popita kukachotsa yawo. Sanaime.

"Zenera tinatsegula, a Dikoni," anatero motsitsa.

Kutsidya kwa msewu kunatsala galimoto zina za anthu osawadziwa, ndipo a Dikoni anazilemba zonse. Pobwerera ku ofesi kapitawo anawerenga lipoti la mayi uja, anawagwira chanza, n'kunena kuti za chitupa asadandaule, asaina.

Kunyumba anapeza akazi awo atamva kale pafoni. Anali atakhala pampando wa pafupi ndi chitofu, manja ali pamiyendo. Chakudya chinazizira pa tebulo. M'mamawa anapita kuchipatala pa basi, kusintha kawiri, mayiwo akupumira pa mpanda uliwonse, a Dikoni atanyamula bulangete lochindikala.

M'chipinda cha makina munali mabedi ondandalikana, fungo la mankhwala, ndi kulira kosalekeza kwa mapampu. Anamwino atalowetsa masingano n'kuchoka, magazi anayamba kuyenda m'timapaipi, kutuluka m'thupi ndi kubwerera. Foni ya a Dikoni inalira. Anali loya wina amene abusa anamupeza. Anati Pentala amusamutsira ku malo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Anati munthu wa chitupa chotha mphamvu nthawi zina amatulutsidwa kuti adikire mlandu ali kunja, ndipo ena mwa otero amapeza njira yotsalira. Koma pa Pentala panalembedwa kuti anaopseza wogwira ntchito ya boma, ndipo zimenezo zatseka khomo. Khomolo lingatseguke pokhapokha wolemba matikitiyo atapita yekha kukanena kuti sanaopsezedwe. Loyayo sankadziwa kuti akulankhula ndi wolemba matikitiyo.

A Dikoni anawafotokozera akazi awo zonsezi, poti sanazolowere kuwabisira kanthu. Mayiwo anamvetsera maso ali kudenga.

"Anakutukwanani zoona?"

"Ayi. Amanena za bulangeteli."

Mayiwo anatsinzina. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo sakanatha kuipukuta chifukwa mkono wina unali ndi masingano, wina uli ndi chopimira magazi. A Dikoni anaipukuta ndi mpango wawo.

"Galimotoyo munaiona muli patali?"

"Ndinaiona."

"Ndiye munangokhala chete."

"Ndinakhala chete, mayi."

Kenaka a Dikoni anati mawa apita kwa kapitawo ndi kwa apolisi akanene zoona, kuti munthuyo ndi mlamu wawo ndipo sanawatukwane. Anati akudziwa kuti wonama pa lipoti sasungidwa pa ntchito, ndipo ntchito ikatha chitupa chatha, koma sangapite ku Mgonero wa Ambuye ndi bodza limeneli m'kamwa. Anati mwina Mulungu adzaona njira ina. Ankalankhula mofulumira, ngati munthu amene akuopa kuti akapuma asintha maganizo.

Mayiwo anatembenuza mutu n'kuyang'ana magazi awo akuzungulira m'makinamo. Pa bedi loyandikana nalo bambo wina wokalamba ankaliza mkonono. Namwino anabwera, anayang'ana manambala, anamwetulira, n'kupita.

"Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine," anatero mayiwo. "Ndinkamutafunira chakudya. Kuno ndinamuitana ndine."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndipite."

"Musapite."

A Dikoni anaganiza kuti sanamve bwino.

"Musapite, bambo. Ine ndikuopa kufa. Ndakhala ndikuyimba za kumwamba moyo wanga wonse, ndipo ndimakhulupirira, Mulungu ndi mboni. Koma ndikuopa. Mawa muvale jekete lanu muzipita ku ntchito."

A Dikoni anafuna kuwagwira dzanja, koma mayiwo anapinda zala.

"Mundifunditse mapaziwa, kenaka mukakhale panja. Sindikufuna kukuonani, ndipo sindikufuna kuti muzindiona. Akamaliza akuitanani."

A Dikoni anakokera bulangete mpaka linaphimba mapazi otupawo, n'kulipinda m'mbali kuti mphepo isalowe. Anatuluka n'kukhala pa benchi la m'khonde, pakati pa achibale a odwala ena, anthu a mitundu yosiyanasiyana amene ankayang'ana mafoni awo. Anaika zigongono pa mawondo, anaweramitsa mutu, n'kuyamba pemphero. Anati Atate. Anadikira kuti mawu ena abwere, ndipo anali akudikirabe pamene namwino anatsegula chitseko n'kuwakodola.